Mcherewo Ndani?

Chisepo, Dowa
9 Seputembala 1976

Okondedwa achimwene a Kalebe,

Kalata yanu yochokera ku Kuwait inafika, ngakhale inaoneka kuti yamatidwa kawiri. Tinakondwa kumva kuti mwapeza ntchito, kungoti ntchitoyo sindikuimvetsa. Mukuti makina aakulu ngati tchalitchi amakoka madzi a m'nyanja yamchere, kuwawiritsa, kuchotsa mchere, mzinda wonse n'kumamwa. Kodi kumeneko kulibe zitsime? Ine ndinayesa. Ndinathira mchere m'madzi n'kuwiritsa mumphika. Madzi anauma, mchere n'kutsala. Ndiye anthuwo akumwa chiyani?

Alamu anu a Aroni anandiseka. Anati, "Amake Hana, madziwo ali mu nthunzimo, anzathuwo amagwira nthunziyo." M'mawa mwake anakajambula zonse pabolodi kusukulu kwawo, ana a Sitandade 7 n'kukopera.

Patapita sabata kunabwera abambo awiri pagalimoto. Anakana mpando. Wamkuluyo anafunsa, "Aphunzitsi, mcherewo ndani?"

"Mchere ndi mchere, bwana."

"M'Malawi muno nyanja yamchere ili kuti? Mukufuna kuchotsa yani kuti mzinda umwe?"

A Aroni anatereka ketulo ya madzi amchere, n'kutchinga nthunzi ndi mbale. Madontho anagwadi. Wamng'onoyo analawa, nati, "Zoona, mulibe mchere." Mnzakeyo atamuyang'ana, anapukuta pakamwa msangamsanga. Anawatenga a Aroni, ndi ketulo yomwe. Lero akwana masabata atatu, ndipo kulikonse ndafunsa akuti dzinalo sakulidziwa.

Achimwene, pali china chimene chikundidya. Kalata yanu ija ndinapita nayo ku Chigwirizano, ndinawawerengera amayi anzanga mokweza, kawiri konse, chifukwa cha kunyada. Ndiye sindikudziwa ngati nkhaniyi inatulukira pabolodi, kupositi, kapena pakamwa pangapa. Amayi onse aja amandilonjerabe bwinobwino kutchalitchi.

Chonde tumizani chithunzi, inu mutaima pafupi ndi makinawo kapu ili m'manja, mwina akhulupirira. Kumbuyo kwake musalembeko kanthu. Kaya mwina musatumize n'komwe. Sindikudziwa chimene chingathandize ndi chimene chingawonjeze moto.

Amayi athu akupereka moni. Tinawauza kuti apongozi awo ali kumaphunziro ku Lilongwe, ndipo akudabwa kuti anapita osatsanzika. Hana akuti moni amalume. Mpata uli m'munsiwu ndi wa alamu anu, paja amakonda kuwonjezerapo mawu awo awiri. Ndausiya choncho.

Ndine mlongo wanu,
Kezia