Nkhalamba Siidzutsidwa Kawiri

Lolemba, 9 Juni

Mzime wanga wachira, mwana wamwamuna. Waimba masana, mawu otopa koma akuseka. Akuti, "Amayi, tsegulani laputopu ya ababa tionane, mumuone." Kafoni kangaka ndi ka mabatani, sikaonetsa nkhope ya munthu. Ndiye ndatsegula Nkhalamba, dzina limene malemu amuna anga anaipatsa laputopuyi, ndadina pamene ankadina iwo. Yakana. Yalemba kuti pulogalamu yoimbira siigwiranso pa sisitimu yakale.

Mdzukulu woyamba, agogo ake aamuna osamuona. Ndalira pang'ono, kenako ndawiritsa tiyi.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndilembe muno poti wina aliyense angandiseke. Iwo Nkhalamba sankaizimitsa. Ankangotseka chivundikiro kuti igone. Ankati nkhalamba siidzutsidwa kawiri, chifukwa ukaizimitsa imatenga chaka kuti iyake. Tsiku limene tinathamangira nawo kuchipatala anasiya masewera a makadi a pa laputopupo ali pakati. Mpaka lero ali pomwepo, mmene dzanja lawo linawasiyira.

Chichitikireni maliro sindinaizimitsepo. Chaja sichichoka pakhoma. Magetsi akathima mtima wanga umakhala m'mwamba, kuopa kuti batire itha. M'mawa uliwonse ndimatsegula, ndione makadi awo, nditseke. Basi, ndiye moni wathu.

Lachinayi, 12 Juni

Ndapita nayo kwa amisiri a makompyuta, ili mtulo, nditaikulunga m'thaulo ngati khanda. Kachipinda kawo kali kuseri kwa malo ometera, mawaya mbwee, masikirini osweka atawayedzamiritsa kukhoma.

Akuti ramu yake ndi yochepa, mutu wake sungasunge zambiri nthawi imodzi. "Kuika sisitimu yatsopanoyi, amayi, n'kusenzetsa agogo thumba la simenti. Ilipo ina yopepuka. Iyenda, koma mokwawa. Zithunzi zonse ndikusungirani pa fulashi."

Ndafunsa za makadi. Aseka, ati andiikira ena okongola kuposa awa.

"Ayi, awawa. Mmene alilimu."

Ayang'ana sikirini, ayang'ana ine, kuseka kwatha. "Amenewa tikangozimitsa, apita. Ndikujambulireni chithunzi chake?"

Chithunzi sichidikira munthu kuti abwere adzamalize. Ndaikulunganso, ndabwera nayo.

Lachisanu, 13 Juni

Alamu akuti ndikupembedza chitsulo. Mwina.

Loweruka, 14 Juni

Mzime waimbanso, mwana akulira kumbuyo, kamawu kosasa. Ndamuuza za makadi, koyamba. Wati, "Amayi, ababa akanakhalapo bwenzi atasintha sisitimuyo tsiku lomwelo, kuti amuone." Zandibaya chifukwa n'zoona. Munthu uja pa ana sankachedwa.

Akuti khanda likusintha tsiku ndi tsiku. "Mukufuna mudzamuone atamera mano?"

Sindinadye madzulo ano. Amuna anga ndawasowa, ndawasowa kwambiri.

Lamulungu, 15 Juni

Masana ndakhala pampando wawo. Miyezi yonseyi ndimangoona makadi ngati mmene munthu amaonera manda, osawerenga. Lero ndayang'anitsitsa. Seveni yofiira ili poyera, eyiti yakuda ikuidikira pambali pomwepo, iwo osaona! Munthu amene ankadzitcha katswiri, ine ndikaloza amati, "Mayi, izi n'za akuluakulu." Kapena anaona, koma ululu unali utayamba kale. Izi sindidzazidziwa.

Ndagwira mausi. Pamene ankaika chala panaperepeseka, pakuwala. Ndakoka seveni ija. Ina yatseguka, ndakokanso, ndapitiriza mpaka zatsekeka, palibenso kopita. Ndati, "Bambo, inu munali mutaluza kale." Ndaseka ndekha m'nyumba, kuseka kuja kwasanduka kulira.

Sindinafune kuti dzanja la mlendo lichite zimenezi. Ndaizimitsa ndekha. Kagetsi kobiriwira kamene kamaphethira pakona kathima.

Lolemba, 16 Juni

Ndakaisiya kwa amisiri. Pathebulo patsala chizindikiro chake m'fumbi, sindinapukute.

Lachitatu, 18 Juni

Yabwera, koma ngati mlendo. Mitundu ina, zinthu zonse zasamuka malo. Amisiri andichenjeza kuti ndisamatsegule ziwiri nthawi imodzi, ikomoka.

Ndaimba. Yazungulirazungulira, kenako nkhope ya mzime ndi iyo, yotupa ndi tulo. Wanyamula mwana, wamuyandikiza. Pomwepo Nkhalamba yalemedwa, chithunzi chaima njii, mawu okha akumveka.

Makutu aja! Otambasuka ngati zogwirira za poto, a iwo enieni, amene ndinkawaseka nawo kuyambira tili pachibwenzi.

"Amayi, yaima? Zimitsani muyatsenso."

Ndati ayi mwanangu, isiye kaye choncho.