Dzina Lanu pa Tsamba 212

Mbulumbuzi,
Chiradzulu.
14 Juni, 2003.

Okondedwa achemwali a Esnat,

Ndikhulupirira kuti azakhali amene mukuwadwazika ku Mzuzuko ayamba kupezako bwino. Kuno tilipo. Chimanga tinakolola, ndipo nandolo wanu wa kuseri kwa nyumba wachita maluwa, kungoti mbuzi za anthu sizikumupatsa mtendere.

Mukuwakumbukira a Dokotala Hillary, mayi wamtali uja anabwera mu 2000 kudzafunsa amayi a m'kalabu ya wailesi zimene amamva pa wailesipo? Womasulira wawo ndinali ine. Mayiwa ali m'bungwe lina la padziko lonse la anthu ofufuza za mawailesi ndi manyuzipepala. Chaka ndi chaka amakumana kunja, aliyense n'kuwerengera anzake zimene wapeza, kenako amazisindikiza m'buku. Zakwathu kuno anakaziwerenganso kumeneko, ndipo akuti anthu anaomba m'manja.

Anthu amenewa ali ndi lamulo lawo: wofunsidwa satchulidwa dzina lake lenileni. Tsiku lonyamuka, a Hillary anandipatsa pepala kuti ndilembepo mayina khumi ndi awiri achikuno, oti aike m'malo mwa enieniwo. Ine dzina lopanda mwini sindinalionepo chibadwire. Ndinangolemba a anthu amene sanafunsidwe nawo, osawauza mayiwo, poganiza kuti buku la kutsidya kwa nyanja silingafike ku Mbulumbuzi, kumene nyuzipepala imafika itakulunga usipa. Loyamba kubwera m'mutu linali lanu.

Bukulo lafika. A Hillary, mwa ulemu wawo, anatumiza limodzi kusukulu kwathu. Lolemba lapitali ahedi anatisonkhanitsa aphunzitsi tonse mu ofesi, akunyadira kuti dera lathu lalowa m'buku, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Pa tsamba 212 pali mawu a "Esnat, mayi wapabanja wa ku Mbulumbuzi." Akunena kuti anamva za jakisoni wolera pa wailesi, ndipo amakabayitsa ku Njuli atanamiza mwamuna wake kuti akukagulitsa tomato. Ahedi anadzidzimuka atafika kale pa tomato. Amuna anu, alamu a Jeremiah, anali pampando wachiwiri kuchokera kukhomo. Anatenga choko n'kupita kukalasi.

Titaweruka ananditsatira kunyumba, poti nkhoswe ya ukwati wanu ndine.

"Alamu," anatero, "zaka sikisi ine ndikuzungulira ndi mlongo wanuyu m'zipatala ndi m'mapemphero kufuna mwana. Kani mnzangayo akudziwa chimene akuchita?"

"Si iwo, alamu. Dzinalo ndinapereka ndine."

"Chabwino. Ndiye ndi ndani?"

"Sindinganene."

Anaseka pang'ono. "Eetu. Nkhoswe ndinu, mlongo wake ndinu, womasulira ndinunso. Tomato amakagulitsa ku Njuli kapena ayi?"

Mumakagulitsadi, monga amachitira theka la amayi akuno. Ndinavomera.

Akuti nkhoswe za mbali zonse tikumane pa 28, inu mulipo, ndipo ndikapanda kutchula mwini mawuwo, iwo anyamula katundu kubwerera kwawo ku Ndunde. Ndawalembera a Hillary kuti atumize kalata ya umboni. Kaya ifika liti, komanso kaya alamu angakhulupirire kapepala kamodzi kuposa buku lachikuto cholimba.

Mwini mawuwo ndikumudziwa. Tinakhala pamphasa imodzi, ndipo lonjezo loti sizidzamveka linatuluka pakamwa panga, m'Chinyanja. Ali ndi ana asanu ndi awiri, ndipo mwamuna wake akamamenya samenya mosewera. Sindimutchula, achemwali, ngakhale kwa inu. Ndalemba kuti mumve kwa ine musanazimve m'basi. Ndili ndi manyazi, chifukwa misozi imene mwakhetsa pa nkhani ya mwanayi ndikuidziwa, ndipo ndaika dzina lanu m'buku pamalo oipitsitsa.

Chonde yesetsani kufika pa 27. Mubweretse timabuku tanu tonse takuchipatala, mwina tingalankhule pamene ine sindingathe.

Amayi akupereka moni. Sakudziwa kanthu, ndawauza kuti mukubwera kudzaona nandolo. Mlamu wanu Lydia ndi ana akupereka moni. Amayi a kalabu ya wailesi akuti muwapeze ali moyo. Tomato wanu wakudimba tikumupeza wothiriridwa m'mawa uliwonse chiyambire Lachiwiri, ndipo wothirirayo sindinamufufuze. Alamu a Jeremiah ndinawafunsa ngati ndilembe moni wawo. Anati ndingosiya mpata.

Mpatawo ndi uwu:



Ine mlongo wanu,
Gladson Kalinde.