Mendulo M'thanki ya Roketi

Lolemba, 9 Okutobala
Tayatsanso injini ya roketi m'thanki ya ku labu kwathu. Mpweya wonse tinaupopa, makoma tinawaziziritsa, kuti mukhale ngati kumwamba kopanda kanthu. Yanga ntchito ndi kadiso kopima kutentha kwa lawi. Lero kaonetsa kuwirikiza kawiri zimene amanena mabuku. Dotolo Aldemir, bwana wathu, anavina gule wa samba ndi mimba yonse ija. Akuti tatulukira chachilendo. Kontirakiti yanga ikutha pa 31. Akuti asaina ina.

Lachiwiri, 10
Chimodzimodzi. Kenaka ndinakumbukira, mtima myuu. Mendulo ya Amayi Maria a ku Aparecida. Ndinaimata ndi tepi pafupi ndi kadiso mwezi watha, injini itakana kuyaka katatu. Imanyezimira ngati kalilole. Ndiye kuti ikubwezera lawi m'kadiso. Mpunga ndi nyemba zanga wadya Jurandir wa mapampu.

Lachinayi, 12
Tchuthi. Ku tchalitchi ku Aparecida ndi amayi anga, anthu osasiya poponda. Ndawauza zonse. Iwo: "Iwe mwana, unapempha thandizo, akuthandiza, ukuliranso chiyani?" Ndikuopa, kunena zoona. Zaka 41, ndikayambira pati?

Lachisanu, 13
Dotolo agula tayi, akufuna kuitana akuluakulu a ku likulu, ku Brasília. Ndinafika pakhomo pawo kawiri n'kubwerera. Kachitatu ndinaulula. Anavula magalasi. "Dona Valdirene, muno si m'kachisi. Lolemba titsegula thanki onse akuona, mukachotse nokha." Kontirakiti anaibwezera m'dirowa, n'kukhoma.

Lamlungu, 15
Ndasita malaya. Wochotsedwa ntchito asamaonekenso ngati watuluka m'kamwa mwa ng'ombe.

Lolemba, 16
Tatsegula. Ndinakwawa ndi tochi, labu yonse ili ndi maso kumbuyo kwangaku. Mendulo yanga ndinachotsa. Kuseri kwa paipi, ina. Pansi pa injini, zitatu. Moyang'anizana ndi kadiso, inanso. Ndinatuluka nazo zisanu ndi imodzi, n'kuziyala pa tebulo. Jurandir anatola yake akutsokomola. Ena atatu anatolanso, maso ali kudenga. Inatsala imodzi, yaikulu, yagolide, ndipo ndi imene inaloza kadiso ndendende. Kumbuyo kwake kuli mawu. Ndinawerenga mokweza, mwadala: "Kwa mwana wanga Aldemirzinho, roketi ikuyakire. Mayi ako."

Kontirakiti ija Dotolo asaina chiimirire, ndi cholembera changa.