Mbewu Yanga Mupatse Alamu

Moatize, 14 Outubro

Mana Olívia,

Ndikhulupirira kuti ku Zóbuè muli bwino nonse, amayi, alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, kungoti dzuwa ndi fumbi la malasha.

Msana unkandiwawa uja si chifukwa choyendetsa galimoto kumgodi ayi. Adotolo ku Tete akuti ndi khansa ya impso, ndipo yafika kale m'mapapo. Akuti kuli mankhwala olowetsa mumtsempha amene amadzutsa asilikali a m'thupi kuti alimbane nayo, koma kuno kulibe. Mapepala anga anawatumiza ku Maputo mvula itangosiya. Mpaka lero kuli zii.

Anzanga akuntchito anabwera kudzandizonda kawiri, koma kontrato itatha aliyense analowera kwawo. Masiku ano ndimangokhala pakhonde, kuonerera sitima ya malasha ikudutsa.

Ndikudziwa kuti chimanga changa chambewu munachipachika pautsi, monga mumachitira chaka chilichonse. Musandidikire. Mupatse alamu abzale, ndipo munda wanga wakumtunda uja alime wonse, asasiyeko mzere.

Amayi musawauze kaye. Mvula ikagwa iwo n'kuyamba kuyang'ana kumsewu, mungowauza kuti ndachedwa.

Ndine mlongo wanu,
Alcides