Ka "ri" Kamene Ndinameza

Lolemba, 2 Juni

Eee, zatheka! Mipando yathuyathu, osati yopatsidwa, osati yotsala kwa munthu! Lero ine ndi a Pang'onopang'ono (amuna anga, dzinali ndinawapatsa ndine ndipo salidziwa) tinapita kwa mmisiri wa masofa. Mafelemu atatu aima kale, matabwa okhaokha, siponji ili pakona. Ndinakhalapo momwemo, thabwa likundibaya, ndikungoseka ngati wopenga.

Watibwereka kabuku ka tizidutswa ta nsalu kuti tikasankhire kunyumba. M'basi monse ndimangokasisita.

Lachiwiri, 3 Juni

M'nyumba muno chilichonse anasankha ndi apongozi. Makatani, tebulo, ndowa yomwe. Zonse zofiirira ngati dothi. A P. atsegula kabuku, chala molunjika pa nambala 14, yofiiriranso. "Siionetsa litsiro, komanso amayi aikonda."

Ine diso lili pa 9. Yofiira psuu! Mtima wanga wathera pomwepo. Ndinati "chabwino," koma pakamwa pokha.

Lachitatu, 4 Juni

Ndachita chinthu. Mayo ine.

Ndinamuimbira mmisiri m'mawa, a P. ali pambali panga kumanga zingwe za nsapato. Kwa mmisiri makina ali phokoso, iye kukuwa: "Mwati yofiirira kapena yofiira?"

Ine: "Yofii...ra."

Ka "ri" kamodzi kanangotsalira pakhosi. Ndinakameza. Nambala sanafunse, nanenso sindinaitchule. A P. anagwedeza mutu, akumva zawozawo. Kuntchito ndimangophulika kuseka, mpaka mnzanga wa pa desiki anandifunsa ngati ndili ndi pakati.

Lachisanu, 6 Juni

Ndazembera komweko poweruka. Umodzi wavala kale! Abale inu, kukongola! Mmisiri, timisomali ali nato pakamwa: "Mayi, muli ndi diso. Ena onse amangofuna yobisa litsiro." Ndavina pakati pa utuchi, ndilibe nazo manyazi.

Lolemba, 9 Juni

Apongozi akubwera Loweruka "kudzaona mipando."

Lachinayi, 12 Juni

Yafika! Pabalaza pawala, makatani aja akuchita kuoneka amanyazi. Ndakhala paliponse, mpando ndi mpando, kenako kuyambiranso.

A P. atabwera anaima pakhomo, chikwama chili m'manja. Anatuluka, n'kulowanso. "Munthu uja walakwitsa. Ndinakumva ndekha ukuti yofiirira."

Ine ndinangowalandira chikwamacho.

Akuti amuitana Loweruka adzayankhe pamaso pa amayi, aisasule yonse, akutirenso ndi nsalu yoyenera. Ndikaulula, ndine wabodza. Ndikakhala chete, munthu wosalakwa anyozeka ndipo mipando yanga ipita. Koma atangolowa kubafa ndinagonanso pa mpando wautali, miyendo m'mwamba. Sindikumva chisoni ngakhale pang'ono, ndilo vuto lake.

Lachisanu, 13 Juni

Ndayeserera kuulula pagalasi kanayi. Kanayi konse ndathera kuseka.

Loweruka, 14 Juni



Apongozi anafika, anayang'ana, anakhala pamphepete penipeni pa wautali ngati uwawotcha. Mmisiri ali chiimire, chipewa m'manja. A P. anayamba mwaulemu wawo uja: "Achimwene, pakuoneka kuti panali kusamvana pang'ono." Apongozi anawadula: "Pang'ono chiyani? Bambo inu, makutu anu amagwira?"

Mmisiri anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuwerama. "Mwina ndine, amayi. Makina aja amasokosa."

Aa, zinandipweteka. Munthu wamkulu kudzinamizira chifukwa cha ine! Ndinali pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya makapu m'manja.

"Sanalakwitse. Ndinanena yofiira ndine. Dala. Ndimaifuna, ndipo sichoka."

Mawu omalizawo sanali pagalasi. Anangotuluka okha.

A P. kukamwa yasa. Mmisiri anapeza chochita ndi chipewa chake. Apongozi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nthawi yaitali, ine thukuta kamukamu. Kenako anatsamira bwinobwino, n'kusisita nsaluyo ndi chikhatho.

"Mtundu wake ngoipa," anatero. "Ukundilasa m'maso."

Anasendera uko, n'kumenya pampando pambali pawo.

"Nanga waimiranji ngati mlendo? Tula makapuwo, udzakhale pa mipando yako."