Kakompyuta ka Kuseri kwa TV Sikanalakwe

Bambo a ana,

Mukapeza mawaya ali mbwee pabalaza musaganize kuti kunalowa akuba. Ndine.

Kakompyuta kakang'ono kaja ndinamangirira kuseri kwa TV kakana m'mawa uno kutsegula foda ya mavidiyo, ija imakhala pa kompyuta yakale ya m'chipinda cha katundu. Kamangoti fodayo sikakuiona pa netiweki. Ndasintha pasiwedi, ndazimitsa rauta n'kuyatsanso, ndakanyozako pang'ono. Kenako ndati ndichotse memori khadi yake ndiyambirenso zonse, ndipo poisolola ndi mkwiyo yathyoka pakati.

Nditalowa m'chipinda cha katundu kukafuna ina, ndapeza kompyuta yakale ija ili chete, yozima. Pulagi yake ndinazula ndekha dzulo kuti nditchaje laputopu. Maola atatu athunthu, ine amene kuntchito amandithamangira netiweki ikavuta.

Ndathamangira kukagula khadi ina. Mavidiyo onse ali bwinobwino. Mayi anu akafika ndisanabwere musawadikiritse, ayenda ulendo wonsewu kudzaona mdzukulu wawo akulandira digiri. Aonere pa yakaleyo. Ndaiyatsa, ndasuntha makatoni, ndawaikira mpando wabwino uja.

Ndikudziwa kuti pochoka munandifunsa ngati kompyutayo ili yoyaka, ine n'kukuuzani kuti musalowerere ntchito za eni ake. Pepani. Sekani pano muli nokha, mumaliziretu. Pamaso pa apongozi anga, kakompyutako kangofa kokha.

Mkazi wanu, katswiri uja