Mchenga wa ku Beira

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kutentha, fumbi, kenako mlandu.

A Jemusi, kapitawo wa ku chigayo cha miyala, abwera kusukulu masana ano atakwiya. Akuti ndikunamiza ana awo powauza kuti mchenga wa m'mphepete mwa nyanja yamchere amaupera ndi mafunde. Iwo anauona ndi maso ku Beira, wosalala ngati umene amataya kuseri kwa mgodi wa miyala uno. "Aphunzitsi, mwala sudzipera wokha. Kumeneko kuli mgodi waukulu, azungu akungoubisa."

Ndati, "Bambo, nanga belu loyambira ntchito munalimva kumeneko?" Sanaseke.

Ndawafotokozera kuti mitsinje imatsitsa miyala, mafunde amaigundanitsa usana ndi usiku mpaka inyenyeke, n'kuyala mchengawo pagombe, namondwe akabwera n'kuukokololanso. Ati, "Madzi angagwire ntchito popanda kapitawo?"

Tsoka lake, iwowo ndi mkulu wa mpingo, sukulunso ndi ya mpingo. Akufuna ndibweze mawu pamaso pa ana, apo ayi Lamlungu akandinenera kumpingo, ntchito yanga ithe.

Sindibweza. Mawa ndithira mchenga ndi timiyala m'beseni, ana akankhe madzi ndi manja awo, adzionere okha. Ine kundichotsa angathe, koma ana akangoona...